Inde alamu, ndaonera katatu, ndipo Loweruka ndikupitanso

Zimene anandichita alamu anga Loweruka lapitali zandikhala pakhosi mpaka lero, ndiye bola ndilavule pompano.

Tili pamzere wogula matikiti a sewero pakhomo la holo kuno ku Chipata, cha m'ma 17:00, anthu ali mbwee, ena ndi ana kumbuyo. Alamu akudutsa pa njinga yamoto kuchokera ku Kapata, andiona, amuimitsa mnyamata woyendetsa, n'kufuula ali chikhalire pampando: "Alamu! Mwabweranso? Si inu munaonera sabata yatha? Kodi ndalama zikukuyabwani? Nyimbo imodzi sachezera gule!" Mzere wonse kucheuka, kundiyang'ana ngati ndagwidwa ndikuba tomato pa Saturday Market. Mayi wina kutsogolo kwanga mpaka anaseka chogwira pakamwa. Ine ndinangoti, "Zikomo alamu, mukapereke moni kunyumba," chifukwa makolo anga anandilera. Koma mumtima munali mukuwira.

Ndiye tamverani alamu, pamodzi ndi anzanu onse oganiza ngati inu. Sewero lanthabwala la pa siteji, lokhala ndi nyimbo ndi magule, munthu saonera kamodzi n'kumati waona. Kamodzi n'kulawa chabe. Woonera kamodzi wangonyambita mthiko, nsima sanadye.

Chondipsetsa mtima kwambiri n'chakuti munthu amene akundiwerengera K50 yangayo, sewerolo sanalione n'komwe. Anangoona kachidutswa ka mphindi ziwiri kamene wina anajambula pafoni n'kutumiza pa WhatsApp, chithunzi chikugwedera, mawu akumveka ngati munthu akulankhulira m'chidebe. Basi iye waona, wamaliza, ndi katswiri wa zisudzo tsopano. Kandimverere anakanena zam'maluwa.

Kwa inu amene simunapiteko, nkhani yake ndi ya mnyamata wachibemba wochokera ku Copperbelt amene wakonda mtsikana wa kwathu kuno, ndiye wabwera kumudzi cha ku Katete kudzakhala pachikamwini. Wafika ndi suti, nsapato zosongoka, chikwama chamatayala akuchikoka m'fumbi. Apongozi amulandira ndi ulemu wonse, n'kumutumizira mbale yovundikira bwinobwino. Iye akuti muli nkhuku. Kuvundukula, mbewa zisanu zagona chagada, michira ili panja. Chimbuya chathu ndi Abemba mukuchidziwa kale, iwo kutinena za mbewa, ife kuwanena za anyani. Ana amenewa atenga chimbuyacho n'kuchiika m'nyimbo, ng'oma ziwiri, gitala imodzi ndi atsikana anayi ovomera. Pali nyimbo ina imene mkamwini ndi apongozi ake aakazi amaimba atafulatirana, poti mwambo suwalola kuyang'anizana, aliyense akudandaula za mnzake uku akumvana. Imeneyo yokha K50 yanga inakwanira.

Tsiku loyamba ndinafa nalo phwete, misozi kutuluka, nthiti kuwawa. Koma kunena zoona, theka la mawu sindinawamve. Holo ikaphulika ndi kuseka, wosewera saima nthawi zonse kuti tiyambe tatonthola, ndiye nthabwala yachiwiri imamira m'phokoso la yoyamba. Inenso ndinali kalikiliki kumenya mnzanga paphewa. Ndinatuluka ndikudziwa kuti ndasangalala, koma mukanandifunsa zimene ankhoswe anayankha mkamwini atapempha foloko, ndikanangokuyang'anani kukamwa. Kodi pamenepo ndinganene kuti ndinaona?

Ulendo wachiwiri nkhani ndinali kuidziwa kale, ndiye maso anamasuka. Apa m'pamene ndinawaona agogo. Pali kamtsikana kena kamene kamasewera ngati agogo, kadzola ufa kumutu, kamakhala pakona pa mphasa, sikalankhula liwu ngakhale limodzi pa chigawo chonsecho. Anthu onse maso ali pa mkamwini amene akulimbana ndi mbale yake. Agogowo akusendera pang'onopang'ono ndi matako, mkamwini akangotseka maso kupemphera kuti Mulungu amuchotsere chikho ichi, iwo dzanja tchwee, mbewa imodzi yalowa m'chitenje. Akatsekanso maso, ina yapita. Mkamwini potsegula maso akupeza mbewa zikuchepa, iye n'kumati pemphero layankhidwa, n'kuyamba nyimbo yothokoza, agogo akuvomera m'kamwa muli modzaza. Tsiku loyamba ndinangoona kuti mbale yatha, ndinkaganiza kuti wadya yekha. Nthabwala yonse inandidutsa pamphuno ndili pomwepo, nditalipira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, alamu.

Ndi nyimbo zomwe. Nyimbo yoti ukuimva koyamba umangogwedeza mutu ngati mlendo pa chinkhoswe cha eni. Kachiwiri umadziwa povomera. Wotsogolera akangoyambitsa, ife a m'mipando timalanda, holo yonse kukhala kwaya, ndipo umaona ndi maso kuti osewerawo alandira moto, oimba ng'oma awonjezera dzanja. Kukoma kwa sewero la nyimbo kuli pamenepo, poti woonerera nayenso aimbe. Munthu wobwera kamodzi angavomere bwanji nyimbo imene sakuidziwa?

Tsono la Loweruka limene munandichititsa nalo manyazi lija ndi limene linaposa onse. Pakatikati pa sewero magetsi anazima. Mdima bii. Ikanakhala filimu bwenzi titangonyamuka kumapita kwathu. Koma ng'oma sizidya magetsi. Anyamata anapitiriza kuimba, anthu tinayatsa matochi a mafoni kuwalitsa pa siteji, ndipo mkamwini, osaphonya ngakhale phazi limodzi, anati, "Ankhoswe, kodi ndi abale a ndiwo zija amene adya mawaya?" Bambo wina kumbuyo, Mbemba weniweni, kumva kalankhulidwe kake, anaimirira n'kufuula kuti mnyamatayo athawe usiku womwewo asanamudyetse ndi makoswe omwe. Apongozi aakazi, ali chifulatire, anamubwezera pomwepo kuti akhale pansi, mumtengo mulibe malo lero. Holo inagwa pansi. Mawu amenewo sanalembedwe papepala lililonse. Sabata yatha kunalibe, sabata yamawa sadzakhalako. Anabadwa usiku womwewo, n'kufa usiku womwewo, ndipo ine ndinalipo. Inu munali kuti?

Ndiye mukati "munaonera kale", ndinaonera kale chiyani? Dzina la sewero ndi lomwelo, osewera ndi omwewo, koma usiku uliwonse uli ndi mphika wake. Lero wosewera wadzuka ndi chimfine, mawa holo yadzaza ana a sukulu, mkucha mwana walira pakati pa nyimbo yachikondi, ankhoswe n'kumuyankha. Anthu amoyo akusewera pamaso pa anthu amoyo. Filimu ya pafoni ndiye imene imabwereza ndendende, ukaibweza mmbuyo munthu amagwa pamalo omwewo, mofanana, mpaka batire kutha.

Ndiponso alamu, inu ndinu munthu wonena za kubwereza? Inu amene mpaka lero mumaonera pafoni mapenate a 2012, a mpira womaliza wa chikho cha Africa pakati pa Zambia ndi Ivory Coast? Chaka ndi chaka, mukangokhuta, mwaika. Mukudziwa kuti kunali ku Libreville, mukudziwa kuti Drogba anaponya yake kumwamba masewero ali mkati, mukudziwa kuti zinatha 8 kwa 7, mukudziwa kuti Sunzu ndiye anagoletsa yomaliza. Palibe tsiku limene Sunzu adzaphonye. Koma akamathamangira mpira mumaimirira, manja kumutu, ukalowa mumalumpha kufuna kugwetsa tebulo. Ine ndinayamba ndakufunsanipo kuti mabandulo akukuyabwani? Chanu chojambulidwa chimene sichisintha n'chabwino kubwereza kambirimbiri, changa chamoyo chimene chimasintha usiku uliwonse ndiye kuwononga ndalama.

February aliyense tauni yonse imakhamukira ku Mtenguleni ku Nc'wala. Ng'ombe yakuda ndi yomweyo, mikondo ndi yomweyo, ngoma amavina momwemo, kuyambira pamene mwambowu unayambiranso mu 1980. Inu simuphonya, ndi chikopa chanu kumutu. August aliyense anthu amachoka ku Malawi ndi ku Mozambique kubwera ku Mkaika ku Kulamba, kudzaona gule amene anamuona chaka chatha ndi dzana lake. Ndani anaimitsapo galimoto pa Great East Road n'kufuula kuti bwererani, munaona kale? Palibe. Aliyense akudziwa kuti gule saonera kamodzi. Agogo athu ankatiuza nthano ya Kalulu yomweyomweyo usiku ndi usiku, ife tikudziwa mathero ake, koma "tili tonse" ankamveka mpaka kuseri kwa nkhokwe, ndipo pofika panyimbo tinkaimba tonse. Zinthu zimenezi tinabadwa nazo. Zangofika pa siteji, pakhomo pakhala munthu wodula matikiti, basi zasanduka zachilendo.

Ndipo mwambi wanu uja munaugwira kumchira. Nyimbo imodzi sachezera gule, inde. Musewero lija muli nyimbo zisanu ndi ziwiri, ndinawerenga. Inu mwamva theka la imodzi, pafoni ya munthu wina.

Kaya ndi mafoni atizoloweza kuti chinthu ukachiona kamodzi uchikankhe ndi chala, kaya ndi kusowa kwa ndalama, zimenezo akambe ena. K50 ndi yanga. Ndinaipeza ndekha, sindinapemphe kwa mng'ono wanu, ndipo ndiwo kunyumba sizinasowe. Enanu K50 yomweyo imathera pa botolo musanakhale n'kukhala pansi, m'mawa mutu ukuwawa, palibe chimene mukukumbuka. Ine mpaka lero ndikamatsuka mbale ndikuimba nyimbo ya apongozi, ndikuseka ndekha ngati wamisala.

Pamene ndayamba kale, ndinene ndi izi. Inu amene mumabwera pakhomo la holo n'kumati "ndine malume wake wa woimba ng'oma, ndilowetseni", manyazi mulibe? Loweruka lomwelo ndinaona bambo wamkulu, mimba kutsogolo, makiyi a galimoto akuzunguza pachala, akukangana ndi kamtsikana kapakhomo kuti iye salipira chifukwa amadziwana ndi wotsogolera gulu. Kamtsikana kakuchita kunjenjemera. Ana amenewa akhala miyezi akuyeserera madzulo aliwonse, ena akuchokera ku Navutika ndi ku Mchini wapansi, zovala asoketsa ndi ndalama zawo, holo alipira, zokuzira mawu abwereka. Ambiri a iwo anayambira kusukulu, m'mipikisano ya NASAAZ, bungwe la zaluso m'masukulu, akamaliza Grade 12 palibe wowayang'ananso. Chipata inakhala mzinda mu 2017, timanyadira, koma ana athu azisudzo akusewererabe m'maholo a sukulu ndi a matchalitchi, makatani ake ndi zitenje zolumikiza ndi mapini. Kenako mudzamva anthu omwewa akudandaula kuti zabwino zonse zili ku Lusaka, ku Playhouse, ngati kuti angakwere basi makilomita oposa 500 kukaonera sewero pamene la pakhomo pawo akufuna laulere. Gulu lotere limapuma ndi ife obwereza. Woonera kamodzi amadzaza holo tsiku loyamba, tsiku lachitatu mipando ili mbee, ana akugawana K20 aliyense.

Nanunso ojambula. Mwalipira kuti muone ndi maso anu, koma sewero lonse mwakweza foni m'mwamba, ife akumbuyo tikuonera m'khwapa mwanu. Mukatero mukaika pa TikTok nthabwala zonse zikuluzikulu, anthu ngati alamu anga aone kachidutswa n'kumayenda m'tauni kuimitsa njinga, kuchititsa manyazi anthu olipira. Mayi amene munakhala kutsogolo kwanga ndi foni yachikuto chofiira, Loweruka likubwerali ndikhala mzere woyamba, mudzajambule duku langa.