Dotolo ayambe wakhoza pa makina asanagwire mimba ya mayi

Ena mukwiya nazo koma ine maganizo anga ndi akuti dotolo amene akuphunzira opaleshoni ya laparoscopy asaloledwe kulowetsa zitsulo m'mimba mwa mzimayi asanakhoze mayeso pa simuleta ya VR, makina a kompyuta oyeserera opaleshoni popanda wodwala weniweni.

Pa opaleshoni imeneyi sang'amba mimba ayi, amangoboola timabowo ta theka la sentimita kapena sentimita imodzi, kupopera mpweya wa carbon dioxide kuti mimba ifufume, kenako kulowetsa kamera ndi zitsulo zazitali uku maso ali pa sikirini. Chovuta nchakuti chitsulocho chimatsamira pabowo paja, ukakankhira dzanja kumanja nsonga yake ikupita kumanzere, komanso pa sikirini sudziwa bwinobwino kuti chinthu chili patali bwanji. Ndiye zoona munthu aziphunzirira zimenezi pa mayi amene wabwera ndi mimba yomera m'chubu chodutsamo dzira popita m'chiberekero, magazi akutayikira m'kati? Pafupi pomwepo pamadutsa kanjira ka mkodzo kochokera ku impso, kungokadula kapena kukawotcha mwangozi basi mayi uja watenga vuto lina lomwe sanabwere nalo.

Ku Denmark anaziyesa izi, zotsatira zinatuluka m'magazini ya zachipatala ya BMJ mu 2009. Madotolo ongoyamba kumene amene anadutsa kaye pa simuleta ya LapSim ankachotsa chubu pa maminitsi pafupifupi 12, anzawo osadutsapo 24, ndipo ntchito yawo inali yaluso kuposa ya anzawowo. Maminitsi 12 owonjezera munthu ali chigonere ndi mankhwala ogonetsa si masewera.

Amene mumati makinawa ndi odula komanso mnofu wa pakompyuta sukoka ngati weniweni, apo sindikutsutsani. Kusoka ndi kumanga mfundo ine ndimaona kuti bokosi wamba lokhala ndi kamera likuphunzitsabe bwino, paja dotolo Kurt Semm wa ku Kiel ku Germany anapanga lake kalekale m'ma 1980 anthu akumuseka ndi laparoscopy yakeyo. Koma bokosi silikuuza kuti wataya magazi angati, dzanja lako layendayenda mochuluka bwanji, wawotcha pati polakwika. Simuleta imalemba zonsezo ndipo siyiopa kuti uyu ndi mwana wa bwana. Chomwe chimandinyansa ndi zija zongowerenga maola, akuti wakhalapo maola akutiakuti ndiye wadziwa. Ayi, aike mulingo wokhozera, amene sanaufike abwerezenso ngakhale kakhumi, theatre idikire.