Nanga Scholes mwamusiyiranji?

Alembi, mwanena zoona kuti mwa osewera a ku England amene anasiya mpira, wotchuka kwambiri ndi David Beckham. Ngakhale agogo anga dzina lake amalidziwa. Koma zandiwawa kuti Paul Scholes simunamutchule n'komwe. Munthu ameneyu anatenga ligi ka 11 ndi Manchester United, pomwe Beckham ka 6. Kungoti Beckham anapita ku Real Madrid mu 2003, kenako ku America, nkhope yake ili mbwee pa zikwangwani za malonda. Scholes akamaliza masewero ankangolunjika kunyumba, atolankhani osawafuna.

Chigoli chake chija cha 2008, pomwe ankamenya Barcelona ku Old Trafford, ndinachionera m'chisakasa cha kanema titapanikizana pa benchi. Ukonde utangogwedezeka tonse tinadzambatuka, benchi n'kugwa. Anyamata a lero ukawafunsa za iye amangokuyang'ana.