Kamera yanga ilibe maso, alamu

Kuyambira Lamlungu ndakhala ndikudziletsa kuti ndisalembe izi, koma mtima wakana. Amene mumandidziwa kuti ndine wofatsa mundikhululukire, lero ndilankhula.

Lamlungu titaweruka ku tchalitchi, alamu anga, amuna awo a mlongo wanga, anabwera kunyumba kudzadya nafe nkhomaliro. Pakhoma la pabalaza pali chithunzi chimene ndinakatsukitsa m'tauni sabata yatha n'kuchiika mu felemu. Ndi cha mbalame ija yobiriwira, ya tsumba la mtundu wa mabilinganya, imene azungu amati turaco. Ikunyamuka mu mtengo wa mabulosi kuseri kwa nyumba yathu kuno ku Hatfield mu mzinda wa Harare, mapiko ali tambasu, kufiira kwake psuu ngati makala a moto. Alamu anaima pamenepo, manja kumbuyo, n'kuchiyang'ana kanthawi ndithu. Ine mumtima ndikuti eya, lero ndiyamikiridwa. Kenako anatembenuka.

"Koma alamu, kamera yanuyi ndi yoopsa. Imajambula bwino bwanji! Munagula zingati?"

Ndisanapeze n'choyankha chomwe, anathira mchere pachilonda: "Ndi makina otere, ngakhale mwana wa giredi 3 akhoza kutulutsa zomwezi."

Kamera. Yayamikiridwa ndi kamera. Kamera imene nthawi imeneyo inali m'chikwama kunsi kwa bedi, osadziwa n'komwe kuti kwabwera alendo. Ine mwini wake ndili chiimire pompo ndi jagi ya madzi osamba m'manja, ngati wantchito wa kamerayo.

Ndikufunseni inu nonse amene mumakonda mawu amenewa, chifukwa si alamu okha. Kodi ndi kamera imene inkadzuka 5 koloko isanakwane kwa masabata atatu? Ndi kamera imene inkakhala pa kreti kuseri kwa thanki ya madzi mpaka matako kuchita dzanzi? Ndi kamera imene udzudzu unkaiimbira m'makutu, osatha n'kuwomba komwe poopa kuti mbalame ingathawe? Tsiku lina nyerere zinandikwera mpaka m'ntchafu, ine ndili duu ngati chitsa. Kamera sinalumidwe. Ndinalumidwa ndine.

Mbalame imeneyi ikatera, kufiira kuja simungakuone. Imabisa nthenga zofiirazo m'kati mwa phiko, inu mumangoona kubiriwira pakati pa masamba obiriwira. Komanso sikhazikika. Imathamanga m'nthambi ngati gologolo, pano, apo, yalowa m'kati, yatulukira uko. Kufiirako kumaoneka pokhapokha ikauluka, ndipo kuuluka kwake n'kuphethira kwa diso. Ndinachita kuiphunzira ngati mmene umaphunzirira khalidwe la apongozi. Imayamba yalira kaye ko-ko-ko-ko mu mtengo wa mapeyala wa aneba. Ikatero udziwe kuti ikubwera. Ikadya mabulosi n'kukhuta, imapita kunsonga kwa nthambi imodzi yokhota ija, n'kuwerama pang'ono, khosi patsogolo. Pamenepo m'pamene chala chako chiyenera kukhala chitadina kale. Ukadikira kuti uione ikuuluka, wajambula mchira. Michira ndili nayo yambiri, alamu, ndikhoza kukugawirani.

Ndiye pali nkhani ya dzuwa. Mapiko kuti asaoneke chimbuuzi ndinkaika shutter, kachitseko kolowetsa kuwala mu kamera, pa 1/2000 ya sekondi, koma ukatero kuwala kumalowa kochepa. Dzuwa lisanadutse mpanda wa aneba chithunzi chimatuluka chakuda. Ukakweza ISO, mphamvu ya kamera yomvera kuwala, kuti chiwale, chimadzaza timchengamchenga. Dzuwa likakwera kwambiri mbalame yapita kale. Mpata wake unali wa mphindi mwina 20 pa tsiku, ndipo masiku ambiri mbalame ndi dzuwa sizinkapangana. Ndinajambula zithunzi zoposa 600. Ndinafufuta zonse kupatula zinayi, ndipo pa zinayizo chopachika pakhoma ndi chimodzi. Zithunzi 600 zoipa zija inajambula kamera yomweyo, lenzi yomweyo, batire yomweyo. Nanga bwanji pamenepo sinajambule bwino, poti ndi yoopsa?

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Sanati kuona maso a nkhono n'kugula magalasi odula.

Munafunsa mtengo, ndikuuzeni pagulu pano. Ndi Nikon D3100, kamera yotuluka mu 2010, ya mamegapikiseli 14. Ndinagula kwa munthu amene ankasamukira ku Joni, pamodzi ndi lenzi ya 70-300 imene mphira wake unamasuka, moti ndinachita kumanga ndi kachingwe ka chubu cha njinga. Foni imene alamu anaitsamiritsa pa mbale ya ndiwo tsiku limenelo ndi yodula kuposa zonsezi kuziphatikiza. Foni ya makamera atatu kumbuyo. Tsegulani muone zimene zili m'menemo: malisiti, mita ya madzi, ndi nkhope yawo yomwe atajambula kuchokera kunsi kwa chibwano.

Nditameza nsima yanga movutikira, ndinalowa kuchipinda, n'kutenga kamera ija, n'kuwapatsa m'manja. Ndinati, "Alamu, nayi. Zonse ndakukonzerani, inu mungodina apa. Kuseriku kuli apumbwa pa papaya, pitani mukatitengere chimodzi." Pumbwa, abale anga. Mbalame yopanda manyazi, imene imatera pawindo n'kumakuyang'ana ukusamba. Anatuluka monyadira, lamba wa kamera m'khosi ngati mtolankhani. Sipanathe mphindi khumi anabwerera thukuta lili kamukamu. Tinaona limodzi pa kagalasi kakumbuyo. Chingwe choyanikira zovala. Mpanda. Thambo. Papaya wojompholedwa, mwini kujomphola atapita. Thambo kachiwiri. Chomaliza chinali nsapato yawo.

Mukuganiza kuti anavomera? Anati, "Mbalame za pano n'zamantha." Kenako, "Kapena mwasinthako penapake kuti ndilephere." Mlongo wanga anangoweramira m'mbale, mapewa akugwedezeka. Mayi a kunyumba anandiponda phazi kunsi kwa tebulo kuti ndisapitirize, ndiye ndinasiya. Ndikupitiriza pano.

Kamera ilibe maso. Ili ndi galasi. Siidziwa kuti mabulosi amapsa mwezi uti. Siidziwa kuti kambalame kaja ka mchira wautali wofiirira, ka mlomo wabuluu, kamabwera mvula ikayandikira n'kumanga kachisa konga kapu pamphanda ya nthambi. Siidziwa kuti njiwa zimamwa madzi nthawi yanji pa beseni limene ndimaika pansi pa mpopi. Siidziwa kuti ukavala malaya oyera mbalame zimakuonera patali. Zonsezi zili m'mutu mwa munthu amene wakhala pansi n'kuyang'ana, chaka ndi chaka, anzake akumuseka kuti wasowa chochita. Pitani ku Mukuvisi Woodlands kapena ku dambo la Monavale m'mamawa mukaone anthu okonda mbalame. Ena ali ndi malenzi otalika ngati mtondo, ena tikamera tolowa m'thumba la malaya. Mukaona zithunzi zawo simungalozere kuti ichi n'cha wa mtondo uja. Amene amabwera ndi chinthu ndi amene amatha kutseka pakamwa n'kuima malo amodzi.

N'chimodzimodzi ndi chithunzi cha Peugeot 404 chimene ndinaika pa tsamba lino la pa intaneti mwezi wa Ogasiti, chimene ena mwa inu munalemba pansi pake kuti "kamera yabwino". Ndinakuonani, ndinangokhala chete. Galimoto imeneyo ndinaipeza ku Gazaland, ku Highfield, kumene amakaniko amakonzera magalimoto panja. Ya mtundu wautali uja, yoyera koma yosuwa ngati mnyanga wakale. Ife amene tinakula zaka za m'ma 1980 timaidziwa bwino, ndi matakisi aja otchedwa ma ET amene tinkakwera makombi asanabwere, anthu anayi kumbuyo kwenikweni moyang'anizana, miyendo yolukanalukana ndi ya munthu wosamudziwa. Galimoto zoyamba za mtundu umenewu zinatuluka ku France mu 1960, koma iyi mpaka lero ikulira.

Mwini wake ndi mdala wa imvi mbuu, ndipo poyamba anakana. Ankaganiza kuti ndikufuna kuitsatsa malonda pa intaneti n'kudyera anthu ndalama. Ndinakhala naye pa benchi pafupifupi ola lathunthu. Atamva kuti agogo anga anachokera ku Dedza, anasintha chilankhulo pompo, n'kuyamba Chichewa chakale chija cha anthu amene anabwera ku Halale wapansi. Anandionetsa giya yake ya pachiwongolero, anatsegula boneti, anandiuza zimene anachita kusula yekha chifukwa m'sitolo sizipezekanso. Atatero m'pamene anati, "Jambulani, mwanawe." Kamera ikanatha kucheza ndi mdala ameneyu? Ikanadziwa kupereka moni ndi manja awiri?

Ndipo tsiku limenelo sindinapeze kanthu. Linali dzuwa la masana, galimoto yoyera inkangothobwa m'maso, kunsi kuli bii. Ndinabwerera kachiwiri, ndinapeza kutsogolo kwake ataimikapo chithupi cha lole yopanda matayala. Ulendo wachitatu, cha m'ma 5 madzulo, dzuwa litapendeka, fumbi la mu Ogasiti likuyandama, m'pamene bampala inagwira kuwala n'kuoneka ngati yatsopano. Ndinagona chafufumimba m'dothi losakanikira ndi oyilo kuti nyali zake zozungulira zija zindiyang'ane m'maso. Anyamata ogwira ntchito pamenepo kuseka mpaka kugwira m'mimba. Thalauza limenelo silinayerenso, mayi a kunyumba analisandutsa chokolopera. Makombi awiri kupita, awiri kubwera, katatu. Kenako munthu ali pa sofa, chala pa foni, akulemba kuti kamera yabwino.

Mwina ndi mafoniwa atizolowetsa kuti makina amatichitira zonse, kaya. Sizikundikhudza.

Chimene ndikudziwa n'chakuti kale sitinkalankhula choncho. Ku Mufakose kumene ndinakulira kunkabwera bambo wina wojambula pa njinga Loweruka lililonse, kamera ili pachifuwa. Filimu yake inali ya zithunzi 36, zikatha zatha, panalibe zofufuta. Bambo anga ankavala suti yawo imodzi ija, n'kukhala pampando panja, wailesi pamwendo, ife ana titandanda uku ndi uku, kuti chithunzi chipite kumudzi anthu akaone kuti ku Halale tili moyo. Wojambula uja ankatizungulitsa bwalo lonse kufuna pamene dzuwa silitithobwa, ankakonza kolala ya bambo, ankadikira mpaka mng'ono wanga atasiya kulira. Kudina kamodzi. Pakatha sabata ankabwera nacho mu envulopu. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsapo dzina la kamera yake. Anthu ankati, "Bambo aja amatha kujambula." Amatha. Munthu. Chithunzi chimenecho chikadalipo mu chimbale cha mayi, ndipo n'chabwino kuposa zonse zili mu foni ya makamera atatu ija.

Pano majakaranda ayamba kuchita maluwa, ndipo aliyense wodutsa mu msewu wa Leopold Takawira atulutsa foni. Mitengo yomweyo, maluwa omwewo, msewu womwewo. Mudzaone ngati zithunzi zake zidzafanane. Wina adzajambula nthambi ndi mawaya a magetsi. Wina adzadikira mpaka mayi wosesa m'mawa afike ndi tsache lake pakati pa maluwa ogwa aja. Kudikirako sikugulidwa mu sitolo iliyonse, ngakhale mutapita ndi madola odzaza chikwama.

Sindikupempha kuti muzinditamanda. Ngati chithunzi n'choipa nenani kuti n'choipa, ndidzakuthokozani. Anzanga ena amandiuza mosapsatira kuti apa mwadula miyendo ya mbalame, apa mpanda wapendama, ndipo ndimamva. Koma musandilande thukuta langa n'kulipereka kwa chitsulo. Mlimi akakolola ngolo zisanu simupita kukagwira chanza khasu. Telala akakusokerani suti yokukhalani simunena kuti makina anu ali ndi luso. Nanga ife tinalakwa chiyani?

Ndipo anthu omwewa, omwewa ndithu, ndi amene amakukumbukira kukakhala zochitika. Ukwati, chinkhoswe, kumanga manda, mwana wamaliza sukulu. Uthenga wake umakhala umodzi: "Mubwere ndi kamera ija." Osati mubwere mudzasangalale nafe, ayi. Woitanidwa ndi kamera, iwe ndiwe wonyamula. Umaima tsiku lonse, anzako akudya mpunga ndi nkhuku, iwe ukuthamangitsana ndi azakhali amene akufuna kujambulidwa ndi gulu lililonse. Ukafika pa mphika wapeza makoko okhaokha. Usiku womwewo foni yayamba kulira, zithunzi zija bwanji. Ukakhala mausiku awiri ukusankha ndi kukonza, n'kutumiza, mawa lake uzipeza pa WhatsApp atadula pakona pamene panali dzina lako, atazipakanso mitundu yawoyawo mpaka mkwatibwi kuoneka ngati wadwala chikasu. Ya kombi yokha osakupatsa. Ukatchula za ndalama, nkhope zimasintha: "Aa, pachibale pomwe? Si mumangodina basi?"

Lolemba m'mawa, tsiku limodzi chichokereni kwathu, alamu anditumizira uthenga. Mwana wawo wamkazi ali ndi chinkhoswe mu Disembala ku Mabvuku, ndiye ndisaiwale kubwera ndi makina oopsa aja.

Alamu, ndamva. Kamera idzabwera. Ndidzaikweza kombi pa Fourth Street, ndidzailipirira mpando wakutsogolo, inu mukaichingamire. Ikafika muipatse mpando ndi chakumwa, izijambula yokha poti imatha. Mukapeze ndi mwana wa giredi 3 uja aziithandiza. Batire mukatchaje konko, kuno magetsi anazima dzulo masana.