Sitima ya madala mwaigulitsa pa kilo, zoona?

Abale ine ndakwiya ndipo lero ndiyankhula, amene akhumudwe akhumudwe basi. Madala athu a ku Golomoti aja tinawaika m'manda mwezi wathawu, aja ankapanga tisitima ting'onoting'ono toyenda pa thebulo aja, katundu wawo yense wagulitsidwa kwa anyamata ogula zitsulo. Eee, pa sikelo. Pa kilo ngati mapoto obooka. Wandiimbira ndi mdzukulu wawo dzulo madzulo mwana akulira mpaka mawu osamveka, akuti achibale akuchimuna anabwera Loweruka, kutsegula chipinda chija, kuyamba kukanganula njanji pa thebulo ndi pulayazi, tiinjini kutiswa ndi mwala kuti achotse kopa wa mkati, thiransifoma kuiphwanya, zotsalazo kuthira mthumba la feteleza ulendo. Agogo aakazi ali pakhonde pompo kungoyang'ana, palibe anawafunsa kanthu. Palibe anafunsa munthu aliyense. Safunsa anadya phula, ndipo apa mwadya phula lenileni akuluakulu.

Chikundiwawa kwambiri ndi mawu amene akuti anayankhula mmodzi wa iwo. Eti "zinali zidole izi, munthu wamkulu ankangotaya nthawi." Zidole? Inu achimwene, zidole?

Ndikuuzeni zomwe munaswazo poti zikuoneka kuti maso munali nawo koma simunaone. Mchipinda muja munali thebulo la pulayiwudi kuchoka kukhoma kukafika kukhoma linalo, ndipo pa thebulopo madala anayalapo njanji yathu yomweyi yakumunsi kwa phiri, kuchoka Balaka kudutsa Sharpevale, Golomoti, Mtakataka mpaka kukatulukira ku Chipoka kunyanja. Kumbuyo kwake mapiri a Dedza, anawaumba ndi waya wa khola la nkhuku nkumata mapepala a matumba a simenti onyika mphala la chinangwa. Udzu unali utuchi wa kwa kalipentala, kuusefa kaye, kuunyika mu penti wobiriwira wosungunula, kuyanika padzuwa, kenako kuwaza pa guluu pang'onopang'ono ndi zala. Milambe ija mumaiona mbali mwa msewu ku Golomoti inalipo, yopota ndi timawaya nkumata dothi, ina mpaka timalambe tolendewera. Siteshoni anamanga ndi timitengo ta machesi, denga lake kachitini ka zakumwa kodula nkuwongola, nde amatenga bolopeni yotha inki nkumalemba timizere mmodzimmodzi mpaka kaoneke ngati lata lenileni. Panja pa siteshoni timayi togulitsa tomato, tomato wake mikanda yofiira. Munthu wa zaka zopitirira 70, magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi, kugwira mkanda ndi kachitsulo kozulira minga kuuika pakalichero kochepa kuposa chikhadabo. Ndiye wina nkubwera ndi mwala.

Zimenezo sizidole. Ndikubwerezanso, sizidole. Ndi ntchito ya manja, ndi luso, ndi masamu. Madala ankapanga pa muyezo umene opanga tisitima dziko lonse amautcha HO, kutanthauza kuti chilichonse umachichepetsa ka 87. Munthu wamkulu amatalika pafupifupi masentimita 2 okha. Chitseko, zenera, mbuzi, mpando wa pa siteshoni, chilichonse uyeze kaye chenichenicho ugawe ndi 87, ukalakwitsa mbuzi imaposa nyumba ndipo aliyense amaona. Ndipo iwo anali ovuta pa zimenezi, osafuna zachidule. Ankadandaula mpaka kalekale kuti tinjanji togula timakhala totalikirana mamilimita 16.5 pomwe njanji ya kuno kwathu ndi yopapatiza, mamilimita 1067, nde ukagawa bwinobwino imayenera kukhala cha mma 12. Ankati sitima yanga ikuyenda pa njanji ya ku Ulaya koma ikupita ku Salima, nkuseka okha. Munthu amene sanafike patali ndi sukulu koma mutu ukugwira chonchi, inu mukuti ankataya nthawi.

Injini yoyamba anabwera nayo kuchokera ku Joni, nthawi ija anthu ankapita ku migodi pa Theba zisanatsekedwe mu 1988. Anzawo ankabwera ndi wailesi, njinga, majekete, iwo anabweranso ndi kabokosi ka sitima ya Lima, yopangidwa ku Italy, mabogi ake abuluu. Kuyambira nthawi imeneyo injini imeneyo yakhala ikuyenda. Ganizani zaka zimenezo. Mano a magiya anatha anasema ena, mabulashi a mota anatha anachotsa kaboni mbatire yakale ya tochi nkupala mpaka akwane, magetsi akathima amalumikiza ku batire ya sola ya 12 volts sitima nkumapita. Yapulumuka njala, yapulumuka mvula yolowa padenga, yapulumuka ana ndi zidzukulu, yadzafera mmanja mwa munthu wamkulu wa ndevu zake amene amafuna ya kachasu ya tsiku limodzi.

Inde ndikudziwa, umphawi, feteleza wakwera, chani chani. Tonse tikuvutika. Koma mwapezapo zingati? Tinene zoona, mwapezapo zingati? Zinthu zija zambiri ndi pulasitiki ndi mapepala, chitsulo chake ndi chochepa, kopa wa mu timota tija olo mutasonkhanitsa sadzadza dzanja. Ndalama mwalandirayo olo ndowa ya chimanga sikwana, anditsutse ndani. Pomwe mukanangoimba foni imodzi, imodzi yokha, ife tikanasonkha nkukupatsani zoposa pamenepo kangapo, zinthu nkukhala zamoyo. Nambala zathu munali nazo. Pamaliro tinakhala limodzi, nsima tinadya mbale imodzi, chipepeso chathu munalandira ndi manja awiri nkulengeza pagulu kuti anzawo a malemu a tisitima apereka mwakuti. Pamenepo tinali anthu. Pogulitsa pokha nde tinasanduka openga osewera ndi zidole osayenera kufunsidwa.

Ndipo tisanamizane, vuto si achibale aja okha ayi. Ndi mtima umene tili nawo ambiri kuno woti munthu wamkulu akamachita chinthu chosabweretsa ndalama lero lomwe ndiye kuti mutu sukuyenda. Madala aja anthu ankawaseka ali moyo. Ndamvapo ndi makutu anga pa msika wina akuti mkulu uja zake zinada, ku Joni anamulodza. Koma bambo amene amakhala pa bawo kuyambira mmawa mpaka dzuwa kulowa palibe amamuseka. Mnyamata amene wamaliza ndalama ya ganyu kubetcha mpira wa ku England palibe amati wapenga, timangoti sizinayende mawa adzawina. Wokhala pakhomo pake, osamenya mkazi, osaledzera, akupanga kamlatho ndi timitengo ta machesi ana a mmudzi atamuzungulira, ameneyo nde wamisala. Mxii.

Ana amene aja mukuwadziwa kuchuluka kwake? Loweruka masana pakhomo paja pamadzadza, ena kusuzumira pazenera. Ndipo samangoonera, amaphunzira. Madala amaimitsa sitima pa kasiteshoni nkufunsa, njanji imeneyi inafika liti ku Salima? Ana onse pamodzi, 1935! Nanga ku Lilongwe? 1979! Amawauza za sitima za malasha zija zinkafuka utsi, amawauza kuti mukadzapita ku Blantyre mukaone injini yakale ili ku Museum ku Chichiri, amawauza mmene anthu ankakwerera ndi mitolo ya nsomba zouma kuchokera kunyanja bogi yonse fungo lokhalokha. Ana ambiri a pano sitima yonyamula anthu sanakwerepo, ena amangoona njanji mtchire osadziwa kuti inkapita kuti. Amene amawauza anali madala aja, ndi thebulo lija. Mwana wina amene anaphunzira kuwotcherera waya pa thebulo lomwelo pano akukonza mafoni pa Dedza boma, akudya, akudyetsa mayi ake. Mwaswa sukulu inu, mukuti mwaswa zidole.

Kunja anzathu zinthu zimenezi amazilemekeza. Ku Hamburg ku Germany kuli malo otchedwa Miniatur Wunderland, anatsegula mu 2001, nyumba yonse yodzadza ndi tisitima, anthu amachoka maiko akutali kukaima pamzere nkulipira kuti aone. Ku England kampani ya Hornby yakhala ikugulitsa tisitima kwa zaka zoposa 100 ndipo ogula ambiri ndi madoda a imvi, palibe amawanena. Sindikuti tizitengera azungu chilichonse ayi, ife tili ndi zathu, ndani mwa ife sanapangepo galimoto ya mawaya ali mwana, ya chiwongolero chachitali matayala a zitsekerero? Luso limenelo timabadwa nalo. Kungoti tikakula timachita nalo manyazi, nde amene wakana kuchita manyazi timamuseka, akafa timagulitsa pa kilo. Pa Mua pompa anthu amabwera kuchokera kutali kudzaona zosemasema nkusiya ndalama, Golomoti ndi Mua mpafupi, palibe anaganizako kuti thebulo lija likanatha kuima penapake anthu nkumaona? Olo pa sukulu ya pulayimale pompo, aphunzitsi akanakana?

Ife okonda zimenezi kuno tilipo ochepa, owerengeka ndi zala. Wina ali ku Ntcheu boma, wina ndi mphunzitsi cha ku Lizulu, wina amakonza mawailesi, ena angapo ku Lilongwe. Shopu yogulitsa zipangizo zake sitinaionepo kuno, nde timadalirana. Wina akamva kuti mbale wake akuchokera ku Joni uthenga umazungulira, tigulireniko timawilo, tigulireniko tolumikizira njanji. Kamota kakapsa kwa mnzako umachotsa kako kosungira nkupatsira kondakitala wa minibasi mu envelopu, iye akalandire pa siteji. Madala aja nde anali nkhokwe yathu, mzitini zawo za mkaka munali tizitsulo toti sungatipeze pena paliponse mMalawi muno, tina anatisunga kuyambira ali ku migodi, ndipo samaumira, ukapita umabwerako ndi kanthu mthumba ndi chinangwa chootcha pamwamba. Atadwala tinasonkherana pa foni ya mayendedwe akuchipatala, ena anakagona nawo. Kali kokha nkanyama. Zitini zimenezonso zapita. Zonse. Ndiye mwapha sitima za anthu ena asanu amene amadikira tizitsulo timeneto, osati ya malemu yokha.

Ndipo inu achibale, lamulo lilipo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi ndi ana a malemu, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Simungangolowa mnyumba ya mayi wamasiye maliro asanazizire nkuyamba kusankha chotenga. Agogo aja chipinda chija chinali chawo. Mwina sankadziwa kuyendetsa sitima koma ndi amene ankaphika phala lomatira mapiri aja, ndi amene ankasesa mozemba kuti asagwetse kamtengo. Mwina amafuna azilowamo nthawi zina kukhala pampando wa amuna awo. Munawafunsa? Simunawafunse. Anzanga a tisitima, ndi inu nonse muli ndi kanthu kanu kamene mumakakonda kaya ndi gitala kaya mabuku kaya makina osokera, lembani papepala kuti kadzapite kwa ndani, musainitse mboni, chaona mnzako chapita mawa chili kwa iwe.

Amene muli cha ku Golomoti, Mtakataka, Sharpevale olo mwakwera Khwekhwelele mwafika ku Masasa, mukaona mwana akukoka kabogi kabuluu ndi chingwe kapena tinjanji tili pa mulu wa zitsulo, chonde ndiuzeni ku inbox. Ndigula. Olo kathyoke, olo kapanda mawilo, ndigula. Sindikalimbana ndi munthu, ndikungofuna chotsala.

Komanso anthu ogula zitsulo inu, mudzayamba liti kufunsa kuti katunduyu wachokera kuti? Chilichonse chimene chafika pa sikelo panu nchabwino basi, bola chilemere. Munthu wabwera ndi tiinjini topentedwa bwinobwino tolembedwa manambala, mtima osagunda olo pang'ono? Ndi inu nomwe mukuchititsa kuti anyamata azimasula mabawuti pa njanji yeniyeni usiku, zikwangwani za pamsewu zatha, zitsulo za mmbali mwa milatho zatha, mpaka mitanda ya kumanda anthu akuzula chifukwa akudziwa kuti kuli wogula amene safunsa. Tsiku lina sitima ya katundu idzagwa chifukwa cha bawuti imene inadutsa pa sikelo panu, mudzati ndi satana. Mafumu nawonso ali phee, sikelo ili pansi pa mtengo pafupi ndi bwalo lawo lomwe, amaidutsa tsiku ndi tsiku popita ku msika.