Njinga ya aulumali pa Cairo Road, ku Harare ndi ku Blantyre

Lusaka ilibe bwalo lalikulu lapakati ngati Africa Unity Square ya ku Harare. Ife tili ndi kanjira ka mitengo kaja kapakati pa Cairo Road, ndipo kanjirako n'kabwino ndithu. Vuto ndi kukafikapo. Munthu woyenda pa njinga ya aulumali akatsika minibasi amakumana ndi ngalande yosavundikira, kenako galimoto yoimikidwa poyenda anthu, kenako mulu wa salaula. Akalimbana nazo zonsezi amapeza mphepete mwa msewu muli chitunda cha simenti chomwe gudumu laling'ono lakutsogolo silingakwere. Basi amaima, kudikira achinyamata awiri amunyamule ngati thumba la ufa, pomwe iye anachoka kunyumba ali ndi mphamvu zodziyendetsa yekha.

Bwalo la ku Harare, lomwe kale linkatchedwa Cecil Square, lili pomwe atsamunda anakwezera mbendera yawo mu 1890. Ndi lathyathyathya, tinjira take n'totakata, moti wa pa njinga akalowamo amazungulira yekha pansi pa majakaranda mpaka kwa ogulitsa maluwa. Sikuti Harare yonse ndi yosalala ayi, nakonso simenti yoyendapo inaphwanyika m'malo ambiri. Koma bwalolo analikonza kuti anthu aziyendamo, pamene Cairo Road anaikonzera magalimoto, anthu n'kutsalira pakati.

Abale athu a ku Blantyre ndimawamvetsa pang'ono. Mzinda wawo, womwe unayamba ndi mishoni mu 1876, unakhala pa zitunda, ndipo kukwera Victoria Avenue ukupalasa ndi manja si masewera. Nanga ife a ku Lusaka tinamizira chiyani? Mzinda uno uli see, ndiye chifukwa chake mvula ikagwa madzi amasowa kolowera. Malo otere ndi osavuta kuwakonza kuposa onsewa, ndipo Lusaka yakhala likulu la Zambia kuyambira 1935.

Malamulo alipo mbali zonse. Zimbabwe inakhazikitsa lake mu 1992, Zambia ndi Malawi anakhazikitsa atsopano mu 2012. Lathuli limapatsa bungwe la boma loona za anthu aulumali la ZAPD mphamvu yolamula mwini nyumba yolowamo anthu kuti akonze khomo lake. Komabe masitolo ambiri a m'tauni akadali ndi sitepe pakhomo, ndipo ena omwe anaika potsetsereka anapaimika kwambiri moti ngakhale wokankha amachita kubwerera m'mbuyo kuti atenge liwiro.