Woyendera masitolo aziyambira pa firiji

Kwa ine, woyendera za ukhondo azifika m'sitolo ya zakudya mwadzidzidzi, choyezera kutentha chili m'manja, n'kulunjika pa firiji. Pansi eni sitolo angathe kukolopa m'mphindi 10 akamva kuti woyendera akubwera, koma nyama imene yagona mofunda usiku wonse singabisike.

Firiji ya nyama, mkaka ndi soseji izikhala pa madigiri 5 a Celsius kapena kutsikirapo, yowumitsa pa -18. Pakati pa madigiri 5 ndi 60, mabakiteriya ena amawirikiza kawiri pa mphindi 20 zilizonse, moti mmodzi amasanduka oposa 4,000 m'maola 4. Nambala yooneka pachitseko musaikhulupirire kwambiri, imayeza mpweya wokha. Choyezeracho chilowe pakati pa mapaketi awiri, makamaka a pamwamba ndi a kuchitseko, chifukwa katundu akadzaza kupitirira mzere wosonyeza polekezera, mpweya wozizira suyenda.

Magetsi akazima, firiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira pafupifupi maola 4, yowumitsa yodzaza maola 48. Nkhuku imene inasungunuka n'kuumanso imadziwika ndi madzi ofiira amene aundana pansi pa paketi. Kuumitsa sikupha Salmonella, bakiteriya woyambitsa matenda a m'mimba. Listeria, bakiteriya winanso woopsa, ndiye amachulukana mufiriji momwemo, n'chifukwa chake nyama yodya osaphika ikapitirira tsiku lake iyenera kutayidwa ngakhale isakununkha. Eni sitolo ambiri amadalira mphuno, ndipo zimenezi zimandidetsa nkhawa kwambiri. Nyama yaiwisi izikhala pashelefu yapansi kuti isadonthezere zinazo.

Kenako woyendera alowe mosungira katundu. Matumba akhale pathandala, masentimita 15 kuchokera pansi ndiponso motalikirana ndi khoma, kuti ndowe za makoswe ndi chinyezi zioneke. Chitini chotupa sachitsitsa mtengo, amachitaya: mungakhale poizoni woyambitsa botulism, matenda oziziritsa ziwalo amene angaphe munthu.

Wantchito amene akusanza kapena kutsegula m'mimba asagwire chakudya mpaka patadutsa maola 48 chisiyireni. Koma ngati akajomba amadulidwa malipiro, sadzaulula, choncho woyendera azifunsa mwini sitolo mmene amachitira ndi wodwala. Mu 2015 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati anthu 420,000 amafa chaka chilichonse chifukwa cha zakudya zoipa, 125,000 mwa iwo ana osakwana zaka 5.

Zimene woyendera wapeza azilembe, azikhome pakhomo pamene ogula angawerenge, ndipo aike tsiku lodzabweranso kudzayeza firiji yomweyo.