Thandizo lenileni silifunsa mpingo kapena chipani

Abale anga nkhani iyi yakhala ikundisowetsa mtendere. Pa Facebook pano anthu amalimbana kuti owolowa manja kwambiri ndi ati, opemphera kapena osapemphera, achipani ichi kapena icho. Ine ndimati tiyambe tafunsa kuti thandizolo lafika kwa ndani, ndipo woperekayo akudikira chiyani kumbuyo kwake.

Takumbukirani namondwe wa Freddy mu March 2023. Matope atatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, oyamba kukumba ndi makasu, ena ndi manja enieni, anali anthu apomwepo, maneba. Anthu oposa 600,000 adasowa pokhala, ambiri nkumagona m'masukulu ndi m'matchalitchi, ndiye mumaona mayi woti nayenso kwake kulibe kanthu akubwera ndi kaufa m'jumbo, chitenje, ndowa, ena kusonkherana pa magulu a WhatsApp kudzera pa Airtel Money ndi Mpamba. Panalibe wofunsa kuti iwe ndiwe wa CCAP, Mkatolika kapena Msilamu, panalibenso wofunsa kuti unavotera ndani.

Chipembedzo sindikuchinyoza ayi, chimaphunzitsadi kupereka. Mwana amene wakula akuona mbale yachopereka ikudutsa Lamulungu lililonse, chakhumi, masika, amazolowera kuti zonse zomwe wapeza si zake yekha. Abale athu achisilamu ali ndi zakaat, 2.5% ya chuma chomwe chakhala chaka chathunthu, ndipo pa Ramadan amadyetsa anthu ambirimbiri. Amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Dorika, ndani sanawaonepo atasenza madengu kukazonda odwala? Zipatala ngati Nkhoma, Ekwendeni ndi Mulanje Mission zikupulumutsa anthu mpaka lero chifukwa cha mipingo.

Koma chimene chimandiwawa n'choti masiku ano ndalama zambiri zikungozungulira mkati mwa mpanda wa tchalitchi. Paper Sunday mwezi ndi mwezi, kuti tigule galimoto ya abusa, tiike matailosi, tigule zokuzira mawu zatsopano, pomwe mayi wamasiye amene amakhala benchi yakumbuyo mwana wake wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi ndipo mpingo wonse ukudziwa. Nanga izi zobzala mbewu kwa aneneri kuti Mulungu akubwezere kakhumi? Amenewo ndi malonda, ndipo amene amapwetekeka kwambiri ndi osauka omwewo.

Andale ndiye eee. Bokosi lamaliro agula inde, koma dzina la bwana lilengezedwe katatu pa maikolofoni anamfedwa ali m'misozi. Thumba la ufa la 5kg, agogo ayambe avala nsalu yachipani, avine, ajambulidwe, zithunzi zipite pa intaneti. Lamulo la zipani la 2018 lidaletsa zogawa ndalama ndi katundu pofuna kukopa mavoti koma tonse timaona zomwe zimachitika kampeni ikafika, ndipo mavoti akangowerengedwa foni ija siyipezekanso. Nafenso tili ndi mbali yathu, timayeza MP ndi kuchuluka kwa mabokosi omwe wagula osati ngati kuchipatala kwathu kuli mankhwala, ndiye nayenso amadziwa pomwe angatigwire.

Pempho langa ndi laling'ono. Mipingo ndi mizikiti ikamapereka lipoti la ndalama, itiuzenso poyera kuti zingati zapita kwa amasiye, odwala ndi ana osowa fizi, kuphatikizapo amene si a mpingo wathu. Ndipo pamaliro mafumu athu asiye zowerenga chipepeso munthu mmodzimmodzi, angotchula zonse pamodzi basi, chifukwa agogo amene amasula K500 yawo pamfundo ya chitenje amachita manyazi akamva bwana watchulidwa ndi K200,000, pomwe kwa iwo imeneyo inali ya ndiwo za tsikulo.